Kuyasamula, Kuyetsemula ndi Kuusa Moyo: Mbiri ya Funso la Zaka 2,400

Mwana akayasamula m'kalasi, aphunzitsi amati ndi ulesi. Mlendo akayasamula pakhonde dzuwa lili paliwombo, eni nyumba amatuma mwana kukhitchini kuti nsima ifulumire, pakuti kwathu kuyasamula kwa masana timakutenga ngati chizindikiro cha njala. Wophunzira wa ku sekondale akafunsidwa, amayankha mosajejema kuti thupi laperewedwa okosijeni, tsono likukoka mpweya wambiri nthawi imodzi. Mwa mayankho atatuwa, lachitatulo ndilo limamveka la anthu ophunzira, koma ndilonso limene lidayesedwa mwadongosolo n'kupezeka kuti ndi lolakwika. Nkhani ino ikulondola mmene ganizo limenelo lidabadwira, mmene lidagwera, ndiponso zimene mibadwo yaphunzira za kuyasamula pamodzi ndi abale ake: kuyetsemula, chidikhwidikhwi, kutsokomola ndi kuusa moyo.

Chinenero chathu chomwe chidaona kale kuti mpweya ndi mpumulo n'zolumikizana. Liwu loti kupuma limanena kukoka ndi kutulutsa mpweya, limanenanso kuleka ntchito kuti thupi litsitsimuke. Munthu wothedwa nzeru timati wausa moyo, ndipo pamaliro timapempha kuti mzimu wa malemu uuse mumtendere. Kuyasamula nakonso kudaphuka pa kuyasama, kutsegula pakamwa.

Zolembedwa zakale kwambiri zofotokoza kuyasamula ngati nkhani ya zachipatala zidachokera ku Greece, zaka pafupifupi 400 Khristu asanabadwe. M'mabuku amene amadziwika ndi dzina la sing'anga Hippocrates muli kabuku kena konena za mpweya wa m'thupi. Wolemba wake adaona kuti munthu amayasamula kawirikawiri thupi likatsala pang'ono kutentha ndi matenda. Iye adafanizira thupi ndi mphika wowira: monga nthunzi yambiri imakwera kuchoka m'mphikamo, momwemonso mpweya wochuluka umene wadzadza m'kati umakwera n'kukankha nsagwada kuti utuluke. Kwa iye, kuyasamula kudali kutaya mpweya woipa. M'buku lina la mafunso, lochokera kwa ophunzira a Aristotle, mudafunsidwa chifukwa chimene munthu amayasamulira akaona mnzake akuyasamula. Funso limeneli likadali pathebulo la akatswiri mpaka lero.

Agiriki omwewo adalembanso za chidikhwidikhwi. Plato, pofotokoza za phwando lina la ku Athens, akuti mlembi wa masewero Aristophanes adalephera kulankhula nthawi yake itakwana chifukwa chidikhwidikhwi chidamugwira. Sing'anga Eryximachus, amene adakhala naye pafupi, adamulangiza zinthu zitatu: agwire mpweya kwa kanthawi, zikakanika, achukuche madzi kukhosi, zikakanikabe, atokose mphuno kuti ayetsemule. Aliyense amene adakulira kwa agogo akudziwa kuti malangizo awiri oyambawo sali kutali ndi amene timapatsana lero.

Kuyetsemula ndiko kudalemekezedwa koposa. M'ndakatulo yakale ya Odyssey, Penelope akulankhula zofuna kuti mwamuna wake abwere adzalange amuna amene adadzadza m'nyumba mwake. Mwana wake Telemachus atayetsemula mwamphamvu, mayiyo adaseka, poona kuti mawu ake avomerezedwa. Xenophon, amene adatsogolera asilikali achigiriki pothawa ku Persia m'chaka cha 401 Khristu asanabadwe, adalemba kuti pamene ankawalimbikitsa n'kutchula za chipulumutso, msilikali wina adayetsemula, ndipo gulu lonse lidagwada kuthokoza mulungu wawo Zeus. Ku Rome, Pliny Wamkulu adalemba kuti mfumu Tiberius, ngakhale idali yosasekaseka, inkafuna kuti anthu aifunire mafuno abwino ikayetsemula, ngakhale ili m'ngolo paulendo. M'Baibulo, m'buku lachiwiri la Mafumu, mwana wa mayi wa ku Sunemu amene Elisa adamuukitsa adayetsemula kasanu n'kawiri asanatsegule maso. Kwa anthu onsewa, kuyetsemula kunkasonyeza moyo ndi mphamvu yochokera kumwamba.

Kuyasamula kudalibe mwayi wotero. M'chaka cha 590 mliri udasakaza mzinda wa Rome, n'kupha ngakhale Papa Pelagius Wachiwiri. Patapita zaka mazana ambiri, m'zaka za m'ma 1200, Jacobus de Voragine adalemba nthano yoti pa mliriwo anthu ankagwa n'kufa ali m'kati moyetsemula kapena kuyasamula, ndipo kuti m'pamene padayambira chizolowezi chodalitsa woyetsemula ndi cholemba chizindikiro cha mtanda pakamwa poyasamula. Nthanoyi siyingakhale chiyambi chenicheni cha kudalitsa woyetsemula, popeza Pliny adali atazilemba kale zaka zoposa 500 mliriwo usanagwe, koma ikusonyeza mantha amene anthu adali nawo pa kamwa loyasama. M'Chisilamu, mwambo wa mawu a Mneneri Muhammad wosonkhanitsidwa ndi al-Bukhari umayamika kuyetsemula, koma kuyasamula umakugwirizanitsa ndi Satana, n'kulangiza kuti munthu akuletse mmene angathere. N'chifukwa chake abale athu a ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota amatamanda Mulungu akayetsemula, ndipo amaphunzitsa ana kutseka pakamwa ndi dzanja akamayasamula.

Kum'mwera kwa Africa kuno nakonso nkhaniyi idalembedwa. Pakati pa 1868 ndi 1870, m'mishonale Henry Callaway adasindikiza ku Natal zimene Azulu adamufotokozera za chipembedzo chawo. Iwo ankati munthu akayetsemula, ndiye kuti mzimu wa makolo uli naye, ndipo ankauthokoza n'kuupempha madalitso. Wodwala akayetsemula, omudwazika ankalimba mtima kuti achira. Ankatinso munthu amene mizimu ikumuitana kuti akhale woombeza amayasamula ndi kuyetsemula mobwerezabwereza. Mu 1871, Edward Tylor wa ku England adagwiritsa ntchito umboni umenewu posonyeza kuti mitundu yotalikirana kwambiri idafika pa maganizo ofanana. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Zinthu zimenezi zimachitika popanda munthu kuzifuna, ndipo chochitika m'thupi mwako iwe osachilamula chimaoneka ngati chalamulidwa ndi wina.

Ku Ulaya, asing'anga adatsatira fanizo la mphika wowira kwa zaka pafupifupi 2,000. Santorio Santorio, mphunzitsi wa zamankhwala ku Padua, adakhala zaka zambiri akudziyeza pa mpando wolendewera pa sikelo, kuyeza chakudya chimene wadya ndi zonse zotuluka m'thupi. M'buku lake la 1614 adanena kuti thupi limataya zambiri mosaoneka kudzera pakhungu ndi m'mpweya, ndipo kuti kuyasamula ndi kudziwongola pambuyo pa tulo kumathandiza kutaya kumeneku. William Harvey atasonyeza mu 1628 kuti magazi amazungulira thupi lonse popopedwa ndi mtima, maganizo adayamba kusintha. M'zaka za m'ma 1700, sing'anga wa ku Netherlands Johannes de Gorter adati munthu amayasamula pamene magazi akuyenda pang'onopang'ono ndipo ubongo sukulandira okwanira. Kenaka Joseph Priestley adapatula okosijeni mu 1774, ndipo Antoine Lavoisier wa ku Paris adamutcha dzina n'kusonyeza kuti kupuma kuli ngati moto woyaka pang'onopang'ono m'thupi, wodya okosijeni n'kutulutsa kaboni dayokisaidi. Anthu adangolumikiza mfundo ziwirizi: ubongo waperewedwa, okosijeni ndiye moyo, choncho kuyasamula ndi kukoka okosijeni. Ganizoli lidamveka bwino kwambiri moti lidalowa m'mabuku a zachipatala popanda wina kuliyesa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi yomweyo akatswiri ankatulukira zenizeni za kupuma wamba mwa kuyesa. Mu 1812, Julien Legallois wa ku France, pofufuza pa akalulu, adapeza kuti kupuma kumalamulidwa ndi kachigawo kakang'ono ka m'munsi mwa ubongo, pamene ubongo umakumana ndi msana. Kachigawoka kakawonongeka, kupuma kumaima pomwepo. Mu 1868, ku Vienna, Ewald Hering ndi Josef Breuer adasonyeza kuti mapapo akafufuma amatumiza uthenga kuubongo kudzera m'mtsempha wotchedwa vagus, wouza kuti kukoka mpweya kwakwana. Mu 1905, John Scott Haldane ndi John Gillies Priestley a ku Oxford, podziyesa okha, adapeza kuti chimene chimakakamiza munthu kupuma tsiku ndi tsiku ndi kuchuluka kwa kaboni dayokisaidi m'magazi, koposa kuchepa kwa okosijeni. Ndipo Corneille Heymans wa ku Ghent adalandira mphoto ya Nobel ya 1938 chifukwa chotulukira ntchito ya timfundo tating'ono ta m'mitsempha ya m'khosi ndi ya pafupi ndi mtima, timene timalawa magazi n'kudziwitsa ubongo. Zonsezi zidasonyeza kuti thupi likaperewedwa mpweya limapuma mofulumira ndi mozama. Wothamanga amapuma wefuwefu, sayasamula. Komabe chikhulupiriro chakale chija chidakhalabe.

Ena ankayang'ana kuyasamula ndi diso lina. Mu 1838, Charles Darwin adalemba m'kabuku kake ka zokumbukira kuti kuona galu, hatchi ndi munthu akuyasamula kudamupatsa maganizo akuti nyama zonse zidamangidwa pa maziko amodzi. M'buku lake la 1872 lonena za mmene anthu ndi nyama zimasonyezera zakukhosi, adafotokoza anyani amene amayasamula poopseza anzawo, kuonetsa mano awo aatali. Amene adalonderapo anyani m'munda wa chimanga angamuvomereze. Mu 1888, ku chipatala cha Salpêtrière ku Paris, Jean-Martin Charcot adaonetsa ophunzira ake mtsikana wa zaka 17 amene ankayasamula kasanu n'katatu pa mphindi imodzi, kutanthauza ka 480 pa ola. Madokotala a nthawi imeneyo adaonanso kuti odwala ena ofa ziwalo mbali imodzi, akamayasamula, mkono wakufa uja umadzuka wokha. Izi zidasonyeza kuti lamulo la kuyasamula limachokera m'zigawo zakuya za ubongo, zosadalira kufuna kwa munthu.

Amene adayesa ganizo la okosijeni ndi Robert Provine wa ku yunivesite ya Maryland ku America. Mu 1987, iye ndi anzake awiri adapatsa ophunzira mpweya wosiyanasiyana woti apume. Ena adapuma okosijeni yekhayekha. Ena adapuma mpweya wokhala ndi kaboni dayokisaidi wokwana magawo atatu kapena asanu pa 100 alionse, amene ndi wochuluka pafupifupi ka 100 kuposa wa mumpweya wamba. Ganizo lakale likadakhala loona, okosijeni akadathetsa kuyasamula, ndipo kaboni dayokisaidi akadakuchulukitsa. Sizidatero. Kapumidwe kadasintha, koma kuyasamula sikudasinthe. Adawachititsanso masewera olimbitsa thupi mpaka kupuma kwawo kudawirikiza kawiri, kuyasamula kudakhalabe chimodzimodzi. Provine adapezanso kuti kuyasamula kumodzi kumatenga pafupifupi masekondi asanu ndi limodzi, kuti kumachuluka munthu akangodzuka ndi pamene akukagona, ndiponso kuti anthu oposa theka amayasamula pasanathe mphindi zisanu akaonera kanema wa munthu woyasamula. Ngakhale kuwerenga chabe za kuyasamula kumayasamulitsa, ndipo ena mwa inu mwachitira kale umboni.

Umboni wina udali utabwera kale kuchokera ku Groningen, ku Netherlands. Mu 1982, de Vries, Visser ndi Prechtl, pogwiritsa ntchito makina ounikira m'mimba mwa amayi oyembekezera, adaona kuti mwana wosabadwa amayamba chidikhwidikhwi cha m'ma milungu isanu ndi inayi, ndipo amayamba kuyasamula kuyambira cha m'ma milungu 11. Mwana ameneyo ali m'madzi, mapapo ake sanayambe kulowa mpweya, ndipo okosijeni amamulandira kuchokera kwa mayi ake kudzera mumchombo. Nsomba nazonso zimayasamula, pamodzi ndi njoka, mbalame ndi nyama zoyamwitsa.

Ganizo lakale litagwa, padabuka atsopano awiri. Loyamba ndi la Andrew Gallup ndi Gordon Gallup, amene mu 2007, ku Albany, adanena kuti kuyasamula kumaziziritsa ubongo: kutambasula nsagwada kumafulumizitsa magazi a m'mutu, ndipo mpweya wokokedwawo umachotsako kutentha. Adapeza kuti anthu amene adagwirizira chinthu chozizira pamphumi, kapena amene ankapumira m'mphuno mokha, sankatengera kwambiri kuyasamula kwa m'kanema. Mu 2010, akatswiri a ubongo a ku Switzerland, motsogozedwa ndi Adrian Guggisberg, adatsutsa kuti umboniwo ndi wosakwanira, n'kunena kuti ntchito yaikulu ya kuyasamula ndi kupereka uthenga kwa anzako. Ili ndilo ganizo lachiwiri. Ana osakwana zaka zinayi kapena zisanu satengera kawirikawiri kuyasamula kwa ena. Mu 2004 zidapezeka ku Japan kuti anyani akuluakulu otchedwa chimpanzi amatengerana kuyasamula. Mu 2008, ku London, agalu 21 mwa 29 adayasamula ataona munthu akuyasamula. Mu 2011, Ivan Norscia ndi Elisabetta Palagi a ku Pisa adapeza kuti munthu amatengera kwambiri kuyasamula kwa mbale wake, kenaka kwa bwenzi, ndipo kwa mlendo pang'ono chabe. Mu 2021 kudatuluka kafukufuku wa mikango ya m'nkhalango ya Makalali, m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, wosonyeza kuti mkango ukatengera kuyasamula kwa unzake, kawirikawiri umadzukanso n'kutsatira zimene woyambawo wachita. Pamene magulu awiriwa amagwirizana m'pakuti kuyasamula kumabwera pamalire, thupi likamachoka m'khalidwe lina kulowa m'lina: kutulo kupita kumaso, kumpumulo kupita kuntchito, kubata kupita kunkhawa. N'chifukwa chake osewera mpira ndi olemba mayeso ena amayasamula nthawi yoyamba ikamayandikira, ngakhale alibe tulo.

Ntchito imene idapatsidwa molakwika kwa kuyasamula, yosamalira mapapo, mwini wake weniweni ndi kuusa moyo. M'mapapo muli timatumba ta mpweya tokwana mamiliyoni mazana angapo, ndipo munthu akamapuma mosazama kwa nthawi yaitali, tina timafwapa n'kumatirira. Thupi limakoka mpweya wowirikiza pafupifupi mphindi zisanu zilizonse, ka 12 pa ola, kuti titseguke, ndipo nthawi zambiri mwini wake sazindikira. Mu 2016, magulu a Jack Feldman wa ku Los Angeles ndi Mark Krasnow wa ku Stanford adapeza, pofufuza pa mbewa ndi makoswe, kagulu ka maselo mazana ochepa m'munsi mwa ubongo kamene kamalamula kuusa moyo. Choncho mayi wousa moyo pamtondo sikuti nthawi zonse ali ndi nkhawa. Kawirikawiri ndi mapapo amene akudzikonza.

Chidikhwidikhwi chimachitika pamene mnofu wopyapyala wolekanitsa chifuwa ndi mimba wadzidzimuka n'kukoka mpweya, kenaka kakhomo ka pakholingo n'kutsekeka mwadzidzidzi. Phokoso lija ndi la kutsekekako. Mu 2003, Christian Straus ndi anzake adanena kuti kachitidwe kameneka n'kofanana ndi mmene ana a chule amapumira m'madzi, ndipo mwina ndi chotsalira chakalekale. Makanda amachita chidikhwidikhwi kawirikawiri, ndipo chimatha chokha, kaya mayi waika kaulusi pamphumi pa mwanayo kaya sadaike. Koma chilipo china chosatha. Charles Osborne, mlimi wa ku Iowa, adakhala nacho kuyambira 1922 mpaka 1990, zaka 68, ndipo Papa Pius XII adavutika nacho kwambiri podwala mu 1954.

Kutsokomola ndi kuyetsemula ndiko kudasintha mbiri koposa. Ntchito yake ndi kuchotsa fumbi, mamina ndi zina zotsamwitsa m'njira ya mpweya. Robert Koch atatulukira kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu mu 1882, Carl Flügge wa ku Breslau adasonyeza cha mu 1897 kuti timadontho totuluka m'kamwa potsokomola, poyetsemula ngakhale polankhula timanyamula tizilombo. Dera lathu lidaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu September 1918, sitima ziwiri za pamadzi, Jaroslav ndi Veronej, zidafika ku Cape Town zitanyamula antchito achikuda ochokera kunkhondo ku Ulaya, zitaima ku Freetown kumene fuluwenza idali itabuka. Anthuwo adakwera sitima zapamtunda kubwerera kwawo, ndipo matendawo adayenda nawo. Boma la South Africa lidalemba imfa pafupifupi 140,000, koma wolemba mbiri Howard Phillips adawerengera kuti adafa pafupifupi 300,000 m'milungu yochepa. Chaka chisanathe, mliriwo udali utafika m'migodi ndi m'makomboni a ku Southern Rhodesia, kumene kudali anthu ambiri a kwathu, ndiponso ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Patapita zaka 102, Covid-19 idalengezedwa ku South Africa pa 5 March 2020, ku Zambia pa 18 March, ndi ku Malawi pa 2 April, ndipo tonse tidaphunzitsidwanso kutsokomolera pachigongono. Chimene Agiriki ndi Azulu adachiona ngati dalitso kwa woyetsemulayo chikhoza kukhala tsoka kwa wokhala naye pafupi.

Mbiri imeneyi ili ndi phindu kwa ife amene moyo wathu uli pamsewu ndi m'malire. Dalaivala wa basi kapena wa thiraki amene wachoka ku Johannesburg, wagona pamzere ku Beitbridge, ndipo akuyasamula mobwerezabwereza pamsewu wa ku Tete, sakusowa mpweya. Kutsegula zenera sikuchotsa tulo. Chofunika ndi kuima n'kugona, ndipo okwera ali ndi ufulu womuuza zimenezi mwaulemu. Mwana woyasamula m'kalasi m'mamawa afunsidwe nthawi imene adagona ndi chimene wadya, asanatchedwe wamwano. Munthu wamkulu amene wayamba kuyasamula kosalekeza popanda tulo, makamaka ngati pakamwa papotoka, mawu akulemera kapena mkono wafooka, athamangire naye kuchipatala, pakuti izi ndi zizindikiro za sitiroko. Mankhwala ena, monga a matenda a nkhawa, amachulukitsanso kuyasamula. Chidikhwidikhwi chopitirira masiku awiri chimafuna dokotala, chifukwa chikhoza kuchokera ku impso, kum'mero kapena kuubongo. Ndipo chifuwa chopitirira milungu iwiri chikayezetsedwe ngati si TB.

Kuchokera kwa wolemba wa ku Greece uja mpaka kwa Provine padadutsa zaka pafupifupi 2,400, ndipo kuyesa kumene kudagwetsa ganizo la mpweya kudafuna zinthu zochepa: ophunzira angapo, mabotolo a mpweya ndi munthu wowerenga modekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina mwana akadzakufunsani chifukwa chimene amayasamulira, mudzamuuze kuti adayamba kutero asanabadwe, kuti mikango ndi nsomba zimateronso, ndipo kuti yankho la okosijeni lidayesedwa mu 1987 n'kulephera.